Ana Onse pa Mphasa Imodzi

M'nyumba ya amayi ake a Thandie, ku Mpama, munali chipinda chimene chitseko chake chinasiya kutsegulidwa. Pazenera anakhomapo chiguduli. Mlendo akabwera, amayi ankamuyalira mphasa kutali, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo ankalankhula mokweza kuti chifuwa cha m'chipindamo chisamveke.

M'menemo munagona Sophie, mng'ono wake wa Thandie, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Maso ake anali psuu, thupi linali moto, ndipo totupa ting'onoting'ono tinayambira kuseri kwa makutu n'kutsikira m'khosi. Chinali chikuku.

Chaka chimenecho chikuku chinavuta kwambiri m'midzi ya kumeneko. Sukulu zinatsekedwa, zinamwali zinaimitsidwa, ndipo anthu anapemphedwa kuti ayambe aleka zochitika zosonkhanitsa ana. Ukwati wa Thandie ndi Davie, mnyamata wa kabaza wa pa Njuli, unali woti uchitike mu Ogasiti, koma nawonso unaima. Deresi loyera linangokhala pa msomali, litakutidwa ndi pepala la pulasitiki. M'mawa uliwonse Thandie ankalowetsa dzanja m'pepalamo n'kusisita nsaluyo, ngati akuiuza kuti ipirire.

Odwala atachepa, sukulu zinatsegulidwa. Anthu anakhazika mitima pansi, nati chikuku chapita. Tsiku lina la ukwati linasankhidwa, kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe. Sophie anabwerera kusukulu akudumphadumpha. Masabata awiri asanathe, anayamba kutsokomola.

Amene analamula kuti nkhaniyi isatuluke panja anali a Albert Nampinga, mlongo wawo wa amayi. Thandie ndi abale ake ankawatcha atsibweni. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo za ana onse a pamudzipo zinkathera kwa iwo. Sanali munthu wankhanza. Ankamukonda Thandie, moti nkhuku zonse za paukwati ankaweta okha m'khola lawo.

Pamudzipo panali mwambo wakuti mwana akadwala chikuku, akuluakulu onse a mbumbayo amadika. Mwamuna ndi mkazi sagonera pamodzi mpaka mwana atachira, ndipo pakhomo pamene anthu akudika sipachitika ukwati. Ana a mbumbayo anali ambiri, ndipo ochuluka sanabayidwe katemera. Mphekesera inali itayenda kale yakuti katemera amatseketsa atsikana kubereka. Komanso chibwerereni matipate, anthu ankati palibe woti n'kukakamiza mnzake.

Lachiwiri madzulo atsibweni anabwera, nakhala pa mpando wawo pansi pa mpeyala uja. Anaitana amayi ndi Thandie.

"Ana awa akamadwala mmodzimmodzi, tidika mpaka Khirisimasi," anatero motsitsa mawu. "Loweruka azimayi akabwera kudzasinja chimanga cha ukwati, ana onse alowe kwa Sophie. Akhale pa mphasa imodzi, adyere mbale imodzi. Adwalire limodzi, achirire limodzi. Pofika tsiku lako, Thandie, pakhomo pano padzakhala poyera."

Anawonjezera kuti iwonso ali ana anawachita chimodzimodzi, ndipo ali moyo mpaka lero. Anati ngakhale pa wailesi anamva dokotala akunena kuti anthu ambiri akakhala otetezeka, matenda amasowa polowera n'kutha okha. Mwana amene wadwala chikuku sadwalanso. Ndiye kuchedweranji?

"Nanga Mikaele?" anafunsa Thandie.

Mikaele anali khanda la Dorothy, mkulu wake wa Thandie, amene ankakhala kutsidya kwa dambo. Anali ndi miyezi isanu.

"Iyenso alowe," anayankha atsibweni. "Woyamwa sichimuvuta. Dorothy timuuza Loweruka lomwelo, asayambe kulira lero. Ndipo wina asayerekeze kukauza a zaumoyo. Abwera ndi jakisoni wawo, abweze chikuku m'kati mwa mwana, kenako aimitsenso ukwati."

Amayi anangoyang'ana pansi. Thandie anadziwa kuti zonsezi atsibweni ankachitira iye.

M'mawa mwake anapita kukatunga madzi kudambo. Kutsidya anaona Dorothy akusambitsa Mikaele m'beseni panja. Mwanayo ankamenya madzi ndi timanja take, madontho n'kumawala padzuwa, iye n'kumaseka ndi m'kamwa mopanda dzino. Dorothy anakweza dzanja.

"Akwati, simuwoloka kudzaona mwana wanu? Mwayamba kale kunyada?"

Thandie anayankha kuti ali ndi changu, abwera tsiku lina. Anasenza ndowa yake n'kubwerera. Njira yonse kuseka kwa Mikaele kunkamutsatira, ndipo atafika kunyumba sanaligwire deresi lija.

Lachinayi amayi anamutuma ku Njuli kukagula mawere a thobwa. Davie anamuona ali patali, nasiya anzake pamthunzi pomwe ankadikira makasitomala, n'kubwera akuliza belu. Anati madamu ake sangayende pansi iye ali ndi galimoto. Anamanga kathumba ka mawere kutsogolo, Thandie n'kukhala kumbuyo.

Davie anali ndi diso limodzi lokhala ndi ng'ala. Pa diso lakumanzere panali kamtambo koyera, ndipo silinkaona. Anzake ankamuseka kuti amayenda ndi nyali imodzi, iye n'kumaseka nawo. Thandie ankalikonda disolo. Ankati likufanana ndi phiri la Chiradzulu m'mawa wa mu Juni, nkhungu ikaphimba nsonga yake. Kangapo konse anamufunsa chimene chinachitika, koma Davie ankangoti, "Ndidzakuuza tikadzakwatirana," n'kuyamba nkhani ina.

Njinga inkayenda pang'onopang'ono m'kanjira kafumbi, pakati pa minda imene anthu anali atayamba kuunga mizere. Kukhala kumbuyo kunamupatsa Thandie mphamvu, chifukwa Davie sankamuona nkhope. Anayamba kufotokoza za chitseko chotseka, za Sophie, ndi za Loweruka. Atatchula mphasa imodzi, Davie anagwira mabuleki. Anatsika, nakankhira njinga pamthunzi wa mtengo wa mango.

"Unkafuna kudziwa za diso ili," anatero. "Ndi mphasa yomweyo."

Anamuuza kuti kwawo ku Nchema, iye ali wamng'ono, msuweni wake anadwala chikuku. Akuluakulu anasonkhanitsa ana onse m'nyumba imodzi. Iye ankaona ngati masewera, chifukwa anawaphikira mbatata. Patapita masiku onse anagona. Maso ake anamatirira, ndipo pamene anatseguka, limodzi linali litachita mtambo. Pa mphasapo panalinso mlongo wake wakhanda, Phyllis.

"Amayi anamulowetsa ali kumsana," anatero Davie. "Sanafike poyamba kukwawa."

Mphepo inagwedeza masamba a mango. Thandie anayang'ana diso lija, ndipo ulendo uno sanaonemo phiri.

Davie sanamukakamize. Anamuuza kuti iye ndi mkamwini chabe, ndiponso sanalowe n'komwe m'banjamo, choncho sangakatsutse a Nampinga pamudzi pawo. Anagwira mahandulo n'kufunsa kuti njinga iloze kuti, ku Mpama kapena kubwerera ku Njuli, kumene kunali chipatala.

"Mukudziwa kuti ukwati uimanso, a Davie?"

"Ndikudziwa. Ine sindithawa. Deresi nalonso lilibe miyendo."

Thandie anaseka, misozi ili m'maso. "Tembenuzani," anatero.

Kuchipatala cha pa Njuli anapeza mayi Sakina, mlangizi wa zaumoyo amene ankayendera midzi ya ku Mpama. Anali mayi wodekha, wovala mpango wobiriwira, ndipo anamvetsera mpaka Thandie atamaliza. Sanakalipe. Anafunsa ngati Sophie akumwa madzi, ngati akupuma mothamanga, ndiponso ngati Mikaele anafikako kunyumbako masabata amenewo. Atamva kuti sanafikeko, anapuma mpweya wautali. Anamuuza Thandie kuti akampatse Sophie madzi ndi phala pafupipafupi, ndipo iwo afika m'mawa.

"Atsibweni adziwa kuti ndine," anatero Thandie.

"Adziwa ndithu, mwanangu. Koma sindikubwera kudzamenyana nawo."

Lachisanu m'mawa mayi Sakina anafika pa njinga yawo. Anayamba alowa kwa Sophie. Anachotsa chiguduli pazenera kuti mphepo ilowe, anamutsuka m'maso ndi madzi owiritsa atazizira, namupatsa vitamini A woteteza maso. Anauza amayi kuti mwanayo akayamba kubanika kapena kukana kumwa, athamange naye kuchipatala osadikira kuti kuche. Kenako anatenga Thandie n'kupita kwa a Nampinga.

Anawapeza kukhola, akuwaza madeya. A Nampinga ataona mpango wobiriwira, anayang'ana Thandie nthawi yaitali.

"Ndiye ndi iwe," anatero. "Ine kuvutikira ukwati wako, iwe n'kukandinenera."

"Ndi ine, atsibweni. Pepani. Ndinaopa za Mikaele."

Mayi Sakina anapereka moni mwaulemu, nayamikira nkhukuzo. Anafunsa kuti zatheka bwanji kukhala zonenepa chotero pamene chitopa chinasesa makola ambiri chaka chimenecho. Nkhope ya a Nampinga inamasuka pang'ono. Anafotokoza monyadira kuti iwo sachita masewera: mlangizi wa ziweto akabwera, nkhuku iliyonse imadonthezeredwa mankhwala m'diso, ndipo anakakamiza oyandikana nawo onse kuti achite chimodzimodzi, chifukwa khola limodzi losasamala limapha mudzi wonse.

"Nanga imodzi ikadwala, bambo, mumatani? Mumaitsekera pamodzi ndi zinzake kuti zidwalire limodzi?"

"Mukuyesa ndine wamisala, mayi? Zitha zonse."

Atangotero, analeka kuwaza. Madeya anatsalira m'manja.

"Koma ana si nkhuku," anatero pambuyo pake. "Mwana amachira. Ndipo wailesi inanena."

Mayi Sakina anavomera kuti wailesi sinaname. N'zoona kuti anthu otetezeka akachuluka, matenda amasowa podutsa. Amafika kwa uyu, wabayidwa. Amafika kwa uyo, wabayidwanso. Amathera panjira asanafike kwa khanda. Koma anafotokoza kuti njira zofikira pamenepo ndi ziwiri. Ina ndi yoti ana adwale, ina ndi yoti abayidwe katemera. Pa njira yodwala, ambiri amachiradi, koma ena amachita khungu, ena amagontha, ena chibayo chimawatenga. Ndipo palibe amene angaloze pasadakhale kuti amene atsale pa mphasa ndi uti.

"Inu munachira, bambo, ndipo tikuthokoza Mulungu. Kodi onse amene munagona nawo pa mphasa ija alipo?"

A Nampinga anayang'ana cha kumanda a mudziwo, kumene mitengo inali yobiriwira ngakhale m'chilimwe, kenako anabweza maso.

Mayi Sakina anapitiriza modekha. Anati chikuku chimathamanga kuposa matenda ambiri. Kuti chisowe podutsa, pa ana makumi awiri aliwonse, wosatetezeka asapose mmodzi. Mudzi wawo unali kutali ndi pamenepo. Kutsegulidwa kwa sukulu sikunatanthauze kuti chikuku chatha. Chinangochepa chifukwa ana anali atatalikirana, ndipo atangokumananso, chinapeza Sophie. Komanso chaka chilichonse kumabadwa ana atsopano, ndiye mudzi wodalira kudwala umayenera kuyala mphasa ija mobwerezabwereza, osatha.

"Ndiye mubayeni Mikaeleyo, zithe," anatero a Nampinga.

"Sitingathe. Ngwamng'ono kwambiri. Katemera wa chikuku timayamba mwana akakwana miyezi isanu ndi inayi. Pakadali pano mpanda wake ndi ana anzake omuzungulira. Iwo akabayidwa, iye watetezeka."

A Nampinga anafunsa za jakisoni wobweza chikuku m'kati. Mayi Sakina anati Sophie sabayidwa katemera, popeza wadwala kale, ndipo katemera ndi wa amene sanadwale. A Nampinga anafunsanso za atsikana kusabereka. Mayi Sakina anaseka pang'ono, nati mwana wawo woyamba anabayidwa ali wakhanda, ndipo tsopano ali ndi mapasa amene sawagonetsa tulo. Za kudika anati iwo alibe nazo mawu. Ndi mwambo wa pamudzipo, ndipo suvulaza mwana.

"Ndiye kuti ukwati waimanso," anatero a Nampinga, akuyang'ana Thandie.

"Uime, atsibweni. Sindingavine Dorothy akulira."

A Nampinga anakuntha madeya m'manja. Anadandaula kuti nkhuku zawo zikalamba, alendo adzathyoka mano. Kenako anati azimayi abwerebe Loweruka monga anapanganirana, ndipo ana abwere nawo kudzabayidwa katemera. Koma Dorothy ndi mwana wake asawoloke dambo.

Loweruka mitondo inalira kuyambira m'mawa. Chitseko cha Sophie chinali chotseka kwa ana, koma zenera linali lotsegula, ndipo iye ankamvera nyimbo za osinja ali chigonere. Mayi Sakina anabwera ndi mnzawo wa kuchipatala, bokosi lozizira la katemera lili pa kaliyala. Anakhala kutali ndi nyumbayo, pabwalo la tchalitchi. A Nampinga anaima pamenepo ndi chipewa chawo, akuitana ana mayina mmodzimmodzi. Wolira ankamuuza kuti ngakhale anapiye awo salira chotero.

Davie anasiya ntchito tsiku limenelo. Ankapita kumalire a mudzi n'kubwera ndi amayi ndi ana pa njinga, osalipiritsa. Mayi wina atakayikira, Davie anawerama n'kumuonetsa diso lake, chinthu chimene Thandie anali asanamuonepo akuchita.

Si onse anabwera. Mabanja awiri anakana, nati chipembedzo chawo sichilola. Mayi Sakina sanabise kuti mpanda udakali ndi mipata, ndipo anati adzabweranso kudzacheza nawo. Anapempha kuti ana odwala asapite kusukulu, ndiponso kuti makanda asatengedwe kumene kuli anthu ambiri kufikira mudzi utakhala bata.

Sabata yotsatira mwana wina, amene ankakhala pafupi ndi Sophie m'kalasi, anadwala. Ulendo uno palibe anabisa. Anamutengera kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anachira. Thandie ankadzuka m'mawa uliwonse n'kupita kudambo, n'kuima tsidya lino.

"Ali bwanji?" ankafuula.

Dorothy, amene tsopano ankadziwa zonse, ankangomunyamula Mikaele m'mwamba kuti amuone. Khungu lake linali losalala, maso ali mbee. Masiku anapita, kenako masabata. Chikuku sichinawoloke dambo.

Sophie anatuluka m'chipinda muja atawonda, khungu likusupuka, koma maso ake onse awiri ankaona. Chinthu choyamba chimene anafunsa chinali chakuti kodi adzagwirabe maluwa pa ukwati.

Ukwati unachitika kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa kale. Chimanga chinali chitamera, ndipo njira ya kutchalitchi inali matope okhaokha. Deresi lija, limene linadikira miyezi yonseyo m'pulasitiki, linafika paguwa m'munsi mwake muli mofiira. Thandie sanadandaule. Nkhuku zinalidi zolimba, ndipo a Nampinga ankauza aliyense wotafuna movutika kuti akadandaule kwa mkwatibwi. Potuluka m'tchalitchi, Dorothy anapereka Mikaele kwa Thandie. Mwanayo anagwira velo n'kuliika m'kamwa, mmene tsopano munali timano tiwiri.

Mikaele atakwana miyezi isanu ndi inayi, a Nampinga ndiwo anakumbutsa. Anatuma uthenga kwa mkamwini wawo kuti abwere ndi njinga. Davie ananyamula Dorothy ndi mwana mpaka ku Njuli, Thandie akutsatira pa njinga yobwereka. Jakisoni atalowa, Mikaele analira mpaka anthu a panja anamva. Davie anamunyamula, namupukuta misozi ndi chala, diso lamanja kenako lamanzere.

"Lira ndithu, mphwanga," anatero. "Onse awiri ndi ako."

Phunziro la nkhaniyi ndi ili. Malamulo oletsa kusonkhana akamasulidwa, sindiye kuti matenda atha. Mudzi umatetezeka pamene pafupifupi aliyense watetezeka, ndipo njira yabwino yofikira pamenepo ndi katemera, osati kupatsirana matenda mwadala. Mwana akadwala chikuku tisamubise. Timupatule kwa anzake, ndipo tidziwitse a zaumoyo msanga. Mwana aliyense amene tamubayitsa amatetezanso khanda limene nthawi yake yobayidwa sinakwane.